Telala wa M'filimu

Thireyi ya makapu inali m'manja mwanga pamene ndinamuona. Ndinali nditangolowa pabalaza kwa abwana anga ku Kabulonga, mu Lusaka. Alendo anali atakhazikika m'mipando, makatani atakokedwa ngakhale kunja dzuwa linali likadaswa mtengo. Pa kanema wamkulu wa pakhoma galimoto ziwiri zinkathamangitsana pakati pa msika wa dziko lina, anthu akubalalika, madengu a malalanje akugubuduzika mumsewu. Kenaka chithunzi chinadutsa pakhonde la sitolo ina. Pakhondepo panali telala atawerama pa makina ake osokera. Anadzutsa mutu kuti aone chimene chikuchititsa phokosolo, phazi likadali pa chopondera, ndipo filimu inamusiya n'kupita kwina.

Makapu anagundana pa thireyi.

"Rukiya, uli che bwino?" anafunsa ba Helen, mkazi wa abwana.

"Ndili bwino, madamu."

Ndinaika tiyi patebulo osataya ngakhale dontho. Ndinabwerera kukhitchini, ndinatsegula mpopi, n'kuima pamenepo madzi akungotayikira m'sinki. Kadzutsidwe ka mutu kaja ndinkakadziwa. Limayamba kukwera ndi phewa lamanja, kenaka chibwano, maso n'kumalizira, ngati munthu amene wamusokoneza ali pakati pa pemphero. Ndi mmene ankachitira Faraji, mlongo wanga wobadwa pambuyo panga, ukamuitana ali pa makina.

Faraji anakwera basi ya ku Joni pa depoti ya Intercity ali ndi chikwama chimodzi ndi sizasi ya malemu bambo athu. Poyamba ankaimba foni Lachisanu lililonse akatuluka kumzikiti. Kenaka zinakhala za pamwezi. Kenaka nambala yake inangosiya kugwira. Tinafunsa madalaivala a mabasi, tinatuma azimayi opita kukaoda katundu, tinaimbira anthu amene sitinawaonepo nkhope. Wina anati anamuona ku Durban akudwala. Wina anati ayi, si iye ameneyo. Zaka zinapita mpaka zinayandikira khumi. M'kati mwa zaka zimenezo amayi athu, Abiti Omali, anagwidwa matenda ofa ziwalo, mbali yakumanzere n'kuuma, ndipo sanatsikenso masitepe a fulati yathu ya pamwamba ku Kabwata.

Amalume a ku Chunga ankanena kawirikawiri kuti munthu wamoyo sasowa chonchi, ndipo n'kulakwa kumusiya wopanda sadaka, chakudya chimene timaphikira anthu popempherera womwalira. Amayi ankakana kwamtuwagalu. Koma mwezi umenewo anali atavomera. Ndinawamva ndi makutu anga akuti, "Chitani, achimwene. Ndatopa kudikira pawindo." Thumba la mpunga linali kale kuseri kwa chitseko. Za mbuzi amalume anali atagwirizana ndi mwini wake. Tsiku lake linali Lamlungu la sabata yomweyo.

M'mawa wotsatira tsiku la filimu lija ndinadikira kuti ba Helen amalize kuvala nsapato.

"Madamu, filimu ija ya dzulo. Muli munthu amene ndikumuganizira."

"Uti? Uja wa motoka yofiila?"

"Ayi. Telala wina wa pamsika. Sanayankhule kalikonse."

Ndinawafotokozera mwachidule. Anandiyang'ana nthawi yaitali, makiyi a galimoto ali m'manja. Kenaka anapita pashelefu n'kusolola kabokosi ka buluu, kopyapyala kuposa ka DVD. Anakatembenuza n'kuwerenga timalemba ta kumbuyo.

"Banaipangila ku South Africa iyi filimu," anatero pang'onopang'ono. "Tenga, ukaonetse ba mai bako. Koma si DVD iyi, ni Blu-ray. Mu puleya wamba sizasebenza. Ukafunse bamene baziba."

Ndinakakulunga mu mpango, ndipo m'minibasi ndinakagwira pachifuwa ulendo wonse. Amayi sindinawauze. Ndikanawauza chiyani? Kuti ndaona phewa? Bala lawo linali litangoyamba kuuma. Zikanakhala kuti ndalakwitsa, ndikanawabwezera pawindo paja kwa moyo wawo wonse.

Pansi pa mafulati athu pali kashopu ka ba Besa, bambo wa ana atatu wochokera ku Kitwe, kumene anyamata amasewera mpira wa pakanema pa makina aja a PlayStation. Ndinkadutsapo tsiku ndi tsiku n'kumati ndi malo otayirako nthawi. Madzulo amenewo ndinalowa.

"Shani, ba Rukiya? Mwabwela kuchaya bola?" anandilonjera akuseka.

Nditawafotokozera, kuseka kunatha. Anatulutsa chimbale m'kabokosi kaja mosamala, atachigwira m'mbali, n'kuchipendeketsa powala. Kunsi kwake kunkanyezimira ngati khosi la nkhunda.

"Iyi makina yanga banaipangila vamene ivi," anatero. "Koma liso yake inafa kudala. Fumbi ya mu Lusaka. Ma gemu yonse yali mukati manje, chimbale siibelenga."

Anachilowetsa kuti ndidzionere ndekha. Makinawo anachimeza, anang'ung'udza pang'ono, n'kukhala chete. Pa kanema sipanabwere kanthu.

"Ndiye basi?" ndinafunsa.

"Iyayi. Khomo ina ilipo." Anandilozera kabowo kutsogolo kwa makinawo, kolowetsapo fulashi. "Filimu ifunika ichoke mu chimbale, ingene mu fulashi. Ine siningakwanise. Muyende ku tauni, ku Katondo, mukafunse Kasuba. Akalephela uja, ninshi palibe wina."

Lachisanu ndinapempha kuweruka masana. Mumsewu wa Katondo anyamata ogulitsa mafoni ankandikoka mkono uku ndi uku, koma nditangotchula dzina la Kasuba mmodzi anandilozera kanjira ka pakati pa masitolo. Shopu yake inali kumapeto, yopapatiza moti anthu awiri sakanadutsana. Ndinkayembekezera kupeza mnyamata wa kapu yotembenuza. Ndinapeza mayi wa magalasi, woyembekezera, akudya chinangwa chootcha pakati pa makompyuta awiri ndi mulu wa mawaya.

"Ba Besa banitumila foni," anatero akupukuta manja. "Nkhalani apa, mami."

Pambali pa kompyuta panali kabokosi kakuda kathyathyathya. Anati ochepa m'tauni ali nako, poti anthu ambiri amakhutira ndi ma DVD a pamsewu. Anaikamo chimbale chija, ndipo kabokosiko kanayamba kulira ngati njuchi ili m'botolo.

"Chimbale ichi chili na loko," anatero Kasuba. "Choyamba titsegule loko. Ndiye tikopele vonse mu kompyuta. Ndiye tiisinthe ikambe chinenelo chamene makina ya ba Besa imvela. Chizatenga nthawi. Simuthamanga?"

"Ndadikira zaka zambiri. Ndidikira."

Pagalasi la kompyuta panabwera kamzere kobiriwira kamene kanayamba kukula pang'onopang'ono. Anthu ankalowa ndi kutuluka, wina kufuna nyimbo za paukwati, wina kufuna zithunzi za m'foni yake yakufa. Ine maso anga anali pa waya wolumikiza kabokosi kaja ndi kompyuta. Anali wopyapyala ngati chingwe cha nsapato. Ndinayamba kuganiza kuti msika wonse uja, galimoto zija, malalanje, fumbi, khamu la anthu, ndi telala uja pamodzi ndi makina ake, zonsezo zikudutsa mu waya ameneyu panopa, mwakachetechete, ine ndikuyang'ana. Ndinakulira m'nyumba ya matelala. Ndimadziwa kuti nsalu sidutsa pa diso la singano, umadutsapo ndi ulusi wokha. Koma apa dziko lathunthu linkasanduka ulusi, kuti likalukidwenso tsidya linalo popanda kusowa ngakhale lalanje limodzi. Ndinangodzimva ndikunong'ona kuti, "Subhanallah."

Mzere uja utafika kumapeto, Kasuba anakanda pachipumi.

"Pali vuto imozi. Filimu iyi ni ikulu maningi. Makina ya ba Besa siivomela failo ikulu so pa fulashi, ili na malile yake. Ningaifinye yonse kuti ikwane. Koma ikafinyika, bantu ba kumbuyo nkhope zao zimasungunuka. Ba kutsogolo bazaoneka bwino, koma muntu wanu..." Anagwedeza dzanja. "Olo nidule chabe kambali kamene mufuna, kankhale mwamene kalili, kosachotsako kalikonse."

"Dulani," ndinatero.

"Filimu yonse titaye? Na bangwazi bake bonse?"

"Tayani onsewo. Ine ndikufuna telala."

Anaseka mpaka anagwira mimba yake. "Muno mubwela bofuna nkhonya, bofuna mfuti, bofuna va chikondi. Wofuna telala ndimwe boyamba."

Anayamba kusaka. Ankakoka filimu ija kutsogolo ndi kumbuyo, anthu akuthamanga chafutambuyo, nyumba zophulika zikudzimanganso zokha. Ndinamuuza za malalanje. Atangooneka ndinakuwa kuti, "Apo!" Anaimitsa, n'kuyamba kudina batani limodzi mobwerezabwereza, chithunzi chikusendera pang'onopang'ono. Phewa linakwera. Chibwano chinatsatira. Maso anamalizira.

Galasi la kompyuta yake linali laling'ono, lotuwa ndi fumbi, ndipo telalayo sankaposa chala changa chachikulu. Komabe sindinachotsepo maso.

"Ni beve?" anafunsa Kasuba motsitsa mawu.

"Ndikuganiza choncho. Koma anganene ndi amene anamubala."

Anadula, n'kusiya kachidutswa kutsogolo ndi kena kumbuyo. Tinadikiranso mzere wina wobiriwira, waufupi. Pa fulashi anatsegula foda n'kuilemba VIDEO m'zilembo zikuluzikulu, chifukwa akuti makina aja akapanda kuona dzina limenelo amangokhala ngati fulashiyo ilibe kanthu. Kenaka anandiika m'dzanja kachipangizo kosaposa chala chaching'ono. Ndinakamanga pakona ya mpango wanga, mfundo ziwiri.

"Mukabwele muniuze," anatero ndili pakhomo.

Nditafika kunyumba ndinapeza azimayi a m'mafulati atazungulira malichero, akusankha mpunga wa sadaka. Amayi nawo anali ndi mbale pamiyendo, akuchotsa timiyala ndi dzanja lawo lamanja lokhalo. Anandipatsa malo. Ndinakhala n'kumasankha nawo mpunga wa maliro a munthu amene ndinali nditamumanga pa mpango. Mayi wina anayamba kukumbutsa mmene Faraji anamusokera diresi ya ukwati, ena akuvomera mwachisoni. Mfundo ija inkandigunda paphewa ndikawerama, ndipo sindinathe kuyang'ana amayi kumaso.

Loweruka masana amalume anabwera kudzaona zokonzekera. Masefuliya aakulu obwereka kumzikiti anali kale pakhonde. Nthawi yomweyo ba Besa anatseka shopu yawo, pa tsiku limene anyamata amadzaza mpaka pakhomo, n'kukwera masitepe atakumbatira kanema wawo wamkulu, thukuta lili chuchuchu. Anatsikanso kukatenga makina aja ndi mawaya.

"Izi n'za chiyani?" anafunsa amalume. "Mawa tili ndi sadaka, inu mukulowetsa zidole za ana m'nyumba?"

Amayi anali pampando wawo, mpango woyera kumutu, tasibihi m'dzanja. Ndinagwada pafupi nawo.

"Amayi, pali chinthu chimene ndaona. Mwina maso anga anama. Ngati anama mundikhululukire, ndipo sadaka ichitika mawa monga mwakonzera. Koma sindingalole kuti kuche musanachione."

Anangosiya kuyendetsa mikanda ya tasibihi.

Ba Besa analumikiza mawaya, analowetsa fulashi pakabowo kaja, n'kutenga chogwirira chimene anyamata amasewerera mpira. Anadina apa ndi apo. Mwadzidzidzi phokoso la msika linadzaza m'nyumba, amalume mpaka anabwerera m'mbuyo. Ine ndinali nditaonapo kale zimenezi ku Kabulonga, koma kumeneko ndinaona ndili chiimire, patali, thireyi ili m'manja. Apa, m'kachipinda kathu, zinali ngati khoma lagumuka ndipo kuseri kwake kuli msewu wa dziko lina. Timabowo ta pakhungu la lalanje tinkaoneka. Fumbi linkaoneka kanjere ndi kanjere m'kuwala kwa dzuwa. Ukanatambasula dzanja ukanati ukhudza nsalu zopachikidwa pamasitolo. Galimoto zinadutsa, khonde linabwera, linapita, ndipo kachidutswa kaja kanathera pomwepo.

"Ine sindinaone kanthu," anatero amalume.

"Bwerezani," anatero amayi. Mawu awo anali ouma.

Ba Besa anabweza, anachedwetsa, n'kuimitsa pomwe maso a telala anafika kwa ife. Anadinanso pena, chithunzi n'kukula.

Kunja kondakitala wa minibasi ankaitanira anthu opita kutauni. M'nyumba mwathu munali mutakhala munthu wina, tepi yoyezera ili pakhosi, choko kuseri kwa khutu, malaya otuwa atapindidwa m'manja. Pamphuno pake panali timadontho ta thukuta. Ankatiyang'ana ngati tamusokoneza ntchito.

Amalume anavula magalasi, anawapukuta ndi mkanjo wawo, anavalanso.

"La ilaha illallah," ananong'ona. "Ndi iyeyu."

Anakhala pansi pamkeka. Kenaka anatembenukira kwa amayi.

"Koma chemwali, tisathamange. Chithunzi chimatsala munthu atapita. Ndani akudziwa kuti anajambula liti? Mwina ndi chaka chomwe anafika kumeneko."

Sankanena mwankhanza. Ndi iwo amene anayenda m'madepoti ndi m'mizikiti kufunsa za mwana wa mlongo wawo, ndipo nthawi zonse ankabwera ndi nkhani imene inkasweka m'manja. Ine ndinayamba kufunafuna kabokosi ka buluu kaja kuti ndione chaka chake, koma amayi anakweza dzanja.

"Ndisendezeni."

Ine ndi ba Besa tinanyamula mpando, amayi ali pomwepo, mpaka mawondo awo anagunda tebulo. Anayandikitsa nkhope pagalasi moti kuwala kwa msika uja kunawagwera pamasaya. Anayang'ana nthawi yaitali, kuyambira pachipumi kutsika pang'onopang'ono, mmene ankatiyang'anira tili ana tikabwera kusukulu, kuti aone ngati tamenyana panjira. Kenaka anatulutsa kamawu kamene ndinali ndisanakamvepo, kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira.

"Achimwene, bwerani muone."

Amalume anasendera chogwada.

"Apa, pamwamba pa khutu. Ndi apa, pandevu."

Nanenso ndinasuzumira. Zinalipodi. Tinali titsitsi toyera, topyapyala kuposa ulusi, tosakanikirana ndi takuda, kalikonse kakuoneka pakokha moti ukanatha kukazula. Ine ndinali nditaona nkhope imeneyi kawiri, koma izi sindinazione.

"Imvi," anatero amayi. "Anachoka muno mutu uli bii ngati makala. Mwana wanga wamera imvi, achimwene. Kumanda munthu samera imvi."

Ba Besa anali atatola kabokosi kaja pansi pa mpando. Anakayandikitsa kumaso n'kunena motsitsa, ngati akuopa kusokoneza, "Apa balemba chaka chatha."

Amalume anaphimba nkhope ndi zikhatho zonse ziwiri. Mapewa awo ankagwedezeka. Azimayi a mpunga aja anali atamva phokoso n'kudzaza pakhomo, akukankhana kuti aone. Mmodzi anayamba nthungululu, mnzake n'kumutseka pakamwa, kenaka onse awiri anayamba kulira.

Amalume atadzuka anafunsa ba Besa ngati mayi wa ku Katondo uja angathe kutulutsa chithunzicho papepala, chachikulu, kuti Lolemba akachipereke kwa madalaivala ku Intercity. Kenaka anatuluka pakhonde, pakati pa masefuliya, ndipo ndinawamva akuimbira mwini mbuzi.

"Ayi, mubwere nayo ndithu. Tidya. Anthu aitanidwa kale." Anapukuta m'mphuno. "Koma mukadutse kwa shehe. Mukawauze kuti pemphero lasintha."

M'nyumba amayi sanasunthe. Ba Besa salola munthu aliyense kukhudza galasi la kanema wawo, ndipo amayenda ndi kansalu kachikasu m'thumba chifukwa cha zala za anyamata. Koma amayi anali ataika chala pa imvi zija, akusisita pang'onopang'ono, milomo ikuyenda popanda mawu. Atachotsa dzanja, panatsala chidindo cha chala chawo pamwamba pa khutu la Faraji. Ba Besa anatulutsa kansalu kawo mwa chizolowezi. Anaima nako m'manja, akuyang'ana pagalasipo. Kenaka anakapinda bwinobwino n'kukabwezera m'thumba.